Lipoti la msonkhano wa chitetezo cha ogwira ntchito za magetsi

A Wapampando ndi anzanga nonse,

Ndabwerako bwino, zikomo pondituma. Masiku atatu onse ndinakhala nawo, ndipo malisiti a alawansi ali kwa a Msungichuma, wofuna akawone.

Tsiku loyamba linathera malonje ndi zolankhula za akuluakulu.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi phunziro la moto wobwerera. Ife tikazimitsa laini timangoti yafa. Koma munthu mmodzi akaliza jenereta osaichotsa pa laini, transifoma imagwira ntchito chobwerera, mavolti 230 a m'nyumba n'kusanduka 11,000 pa waya amene mnzathu wagwira pamwamba pa polo. Pomwe mamiliampu 50 okha, osafika n'komwe pa amene babu la mawati 60 limakoka, akadutsa pamtima atha kupha munthu. N'chifukwa chake anatibwerezera kambirimbiri: zimitsa, khoma loko, yeza, manga ma earth (mawaya olumikiza laini ndi nthaka), tchinga mawaya amoto apafupi.

Mphunzitsi anatenganso golovesi la labala, n'kulipinda kuyambira kukamwa mpaka linafufuma, kenako analiyandikiza patsaya langa. Ndinamva kamphepo kakutuluka pakabowo kosaoneka ndi maso. Ndinaganiza za magolovesi athu aja, amene timangowaponya m'bokosi limodzi ndi mapulayazi.

Za inshuwalansi ndi kalembedwe ka mafomu zili m'mapepala omwe ndabweretsa.

Pamapeto anagwirizana zoti nthambi iliyonse ipachike mapositala ochenjeza. Ine sindinakhutire nazo. Tonse timadziwa kuti magetsi amapha, chomwe tilibe ndi zida. Tesita ya gulu lathu, chida choyezera ngati laini ili ndi moto, inawonongeka kalekale, tinalemba makalata awiri, kuyankhidwa ayi. Tsiku lija tinakana kukwera popanda ma earth, tinauzidwa kuti tikuchedwetsa makasitomala, ndipo ena muno munakhala chete. Ndikunena izi chifukwa zimandiwawabe. Maovololo a polyester nawonso tinawadandaula: moto wa arc, umene umaphulika magetsi akalumpha mumpweya, umatha kufika madigiri Celsius 19,000, nsalu imeneyo imasungunuka n'kumatirira pakhungu.

Pangano la ILO (bungwe la padziko lonse loona za ntchito) nambala 155 la 1981, ndime 13, limati wantchito amene wasiya ntchito chifukwa choona ngozi yoopsa pa moyo wake asalangidwe. Ena mudzati tikakana ntchito atichotsa. Akhoza kutero kwa munthu mmodzi, koma osati tonse titamanga chimodzi.

Choncho ndikupempha a Mlembi kuti nkhani ya tesita, ma earth ndi maovololo ikhale yoyamba pa msonkhano wathu wotsatira, ndipo tidzavote.