Aphunzitseni ana athu kuona mkati mwa fayilo

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke dandaulo langa kwa aphunzitsi a za makompyuta m'makoleji athu.

Ine ndimalemba mapulogalamu kuno ku Lilongwe. Mwezi watha ndinalandira mtsikana wina wodzaphunzira ntchito, wanzeru ndithu, Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu, amaidziwa bwino. Ndinamupatsa fayilo yochokera pa sikelo ya nyumba ina yosungiramo chimanga ku Kanengo. Sikeloyo silemba mawu oti munthu n'kuwerenga, imangolemba ma byte, timanambala ting'onoting'ono timene kompyuta imasungira zinthu, anayi pa thumba lililonse. Ntchito yake inali yoti ma byte amenewo awasandutse mndandanda wa manambala.

Anachita monga anaphunzirira: anaika ma byte mu ByteBuffer, chida cha Java chosungira ma byte, kenako asIntBuffer(), lamulo lowawerenga anayianayi ngati manambala. Pulogalamu inayenda bwinobwino. Koma thumba la makilogalamu 50 linatuluka lolemera 838,860,800! Mwana anagwira chibwano, n'kunena kuti sikelo yafa.

Sikelo inalibe mlandu. Tinatsegula fayiloyo mu hex editor, pulogalamu yoonetsa byte iliyonse ya fayilo, ndinamulozera ndi cholembera pa sikilini: 32 00 00 00. Mu hex, kalembedwe ka manambala kowerenga m'magulu a 16 m'malo mwa 10, 32 ndiye 50. Sikeloyo imayamba kulemba byte yoimira gawo laling'ono la nambala, dongosolo lomwe amati little-endian, lomwenso makompyuta a Intel ndi AMD amatsata. ByteBuffer, ukapanda kuiuza, imatenga byte yoyamba ngati yaikulu. Ndiye 50 uja anakhala pampando wosakhala wake, n'kuchulukitsidwa ka 16,777,216. Tinangoika order(ByteOrder.LITTLE_ENDIAN) patsogolo pa asIntBuffer(), matumba onse n'kubwerera pa kulemera kwake.

Chinandiwawa n'chakuti mtsikanayu, zaka zonse zomwe wakhala pakoleji, anali asanaonepo mkati mwa fayilo. Si kulakwa kwake. Java ndi chilankhulo china chotchedwa C# zimakusamalirira memory ya kompyuta, inde, koma sizidziwa kuti analemba fayilo ndani, anayambira mbali iti. Mu C# muli MemoryMarshal.Cast, yomwe imaona ma byte ngati manambala osawakopera pena. Imathamanga, koma ma byte akapanda kugawika ndi 4, otsalawo imangowasiya osakuuza.

Apatu tinali ndi mwayi, chifukwa thumba lolemera choncho aliyense amaliona. Nanga chikanakhala cholakwika chaching'ono, mlimi n'kulipidwa ndalama zoperewera, akanazindikira ndani?

Aphunzitsi athu, sindikupempha zambiri. Tsiku limodzi lokha, apatseni ana fayilo yeniyeni ndi hex editor, awerenge okha ma byte ndi maso asanalembe pulogalamu.

Wolemba mapulogalamu,
Area 25, Lilongwe