Dandaulo pa ntchito yokonzanso bafa la madzi otentha

Kwa Bwana Mkulu wa Kampani,

Zikomo Bwana,

Ndalemba kalata ino nditalephera kukupezani pa foni. Ndaimba kangapo, ndatumiza zithunzi pa WhatsApp, koma mnyamata wa pa ofesi yanu amangondiyankha kuti amisiri ali kutali ndipo abwera sabata yamawa. Padutsa masabata anayi tsopano, palibe ndi mmodzi yemwe amene waponda pakhomo panga.

Mwina mwandiiwala. Ndine mayi uja wa malo ogona alendo a m'mbali mwa phiri la Zomba, amene ndinakupatsani ntchito yokonzanso bafa la madzi otentha, lomwe alendo amangoti jakuzi. Ndinaligula lakale kwa banja lina lomwe linkabwerera kwawo kunja. Limalowa malita pafupifupi 1,200, mkati mwake ndi pulasitiki yolimba ndipo kunja kwake kuli matabwa a mkungudza wofiira wochokera ku North America. Sindinagule mwachimbulimbuli, ndinkadziwa kuti ndi lotopa. Koma aliyense amene anagonapo paphiri pano mu Juni ndi Julayi, chiperoni chitakuta mitengo, akudziwa kuti mlendo angakondwe bwanji kuviika thupi m'madzi ofunda madzulo. Ndi chifukwa chake sindinafune akalipentala a m'mbali mwa msewu. Ndinabwera kwa inu, ndinalipira ndalama zonse zimene munatchula osanenerera, ndipo risiti ndili nayo.

Pepala lomwe tinasainirana likunena momveka zimene munalonjeza: kuchotsa matabwa owola n'kuikapo olimba, kupala onse ndi sandipepa n'kuwapaka mafuta olowa m'thabwa, kusintha sili ya pampu (kamphira kotseka kuti madzi asadonthe), kutsuka mapaipi, kuika fyuluta yatsopano ndi kulumikiza magetsi motsatira malamulo.

Tsiku lomwe amisiri anu ankatsanzika, bafa linkawala moti ndinalijambula n'kutumizira achemwali anga ku Lilongwe. Sindinadziwe kuti chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba, zomwe anapaka si mafuta, ndi vanishi wonyezimira wa mipando ya pabalaza. Zitini zake anazitaya kuseri kwa khitchini ndipo ndazisunga. Inu monga akatswiri mukudziwa bwino kuposa ine chifukwa chake vanishi sayenera pa bafa lokhala panja. Amangomata pamwamba ngati chikopa. Thabwa limafufuma likanyowa, limanyala dzuwa likaomba, ndiye vanishi amang'aluka, madzi ndi nthunzi n'kulowa pansi pake osapeza potulukira. Mafuta amalowa m'thabwa n'kulisiya likupuma, ndipo akafooka umangotsuka n'kupakanso. Komanso anyamata anu anapaka mmawa mvula itagwa usiku wake, matabwa asanaume. Mlonda wanga anawafunsa, iwo anamuyankha kuti asawaphunzitse ntchito. Pasanathe masabata asanu vanishi anatuluka matuza, ndipo lero akufunduka ngati njoka mbali yonse yoyang'ana kumvuma.

Zimenezo zikanakhala zokhazo bwenzi nditangopirira. Koma tsiku lina ndinagwada pafupi ndi kachitseko ka pampu, ndinaona kuti thabwa lam'munsi lasintha mtundu. Nditalibaya ndi sikuludilaiva, inalowa ngati m'papaya wakupsa. Thabwa limenelo ndi limodzi mwa amene ndinakulozerani ndi chala changa tsiku loyamba. Sanalichotse. Anangotseka mabowo ndi phala lomatira matabwa, n'kupaka vanishi pamwamba kuti ndisaone. Apa mtima wanga unawawa kwambiri, Bwana, chifukwa kulakwitsa ntchito ndi china, kubisa dala ndi chinanso. Matabwa atatu okha amene anasintha ndi paini wamba wosanyikidwa m'mankhwala, ndipo chiswe chayamba kale kumangapo tinjira take tadothi. Sindinapemphe mkungudza wa ku Mulanje, tonse tikudziwa kuti mtengo umenewo watsala pang'ono kutha ndipo ndi wotetezedwa. Koma paini wothiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi chinyezi amapezeka, ndipo ndi amene tinagwirizana. Masikulu nawonso ndi achitsulo wamba m'malo mwa osachita dzimbiri, moti pansi pa sikulu iliyonse patsika kamzere kakuda.

Pampu inkadonthabe pomwe inkadonthera kale. Pansi pake sipankauma, ndipo chinyezi chimenecho ndi chomwe chinkawoletsa matabwa am'munsi.

Za madzi ndilankhule mosabisa, pakuti zandichititsa manyazi pamaso pa alendo. Ine gawo langa ndinkachita. Ndinagula timapepala toyezera, mmawa uliwonse ndinkaonetsetsa kuti pH (muyeso wa asidi m'madzi) ili pakati pa 7.2 ndi 7.8 ndipo klorini ili pakati pa 3 ndi 5 monga mmene buku la bafali likunenera, komanso kutentha sikunapyole madigiri 40. Koma ndikathira klorini madzulo, pofika mmawa yatheratu. Ndikayatsa majeti opopera madzi m'bafamo, munkatuluka tizinthu tonanda totuwa tonga mamina, madzi n'kumanunkha ngati chithaphwi. Banja lina lochokera ku Blantyre linasambamo Loweruka. Lolemba mayi wake anandiimbira kuti onse awiri ndi mwana wawo atuluka totupa toyabwa, makamaka m'malo omwe zovala zosambira zimagwira thupi. Kuchipatala anawauza kuti totupa totere timabwera ndi tizilombo tokonda madzi ofunda osasamalidwa bwino. Ndinawabwezera ndalama zawo ndi kupepesa, koma dzina la malo anga ndiye linadetsedwa.

Nditatsegula pamalo a fyuluta ndinapeza yankho. Fyuluta ndi yakale yomweyo. Mwini wake woyamba anali ndi chizolowezi cholemba ndi cholembera chakuda pamutu pa fyuluta mwezi umene waiika, ndipo zolemba zakezo zilipobe. Anyamata anu anangoitsuka ndi paipi n'kuibwezera, pamene pa invoisi mwandilipiritsa yatsopano. Ngati fyuluta yomwe imaoneka ndi maso anaichita chonchi, mapaipi obisika aja anawatsuka? Bafa lomwe lakhala miyezi osagwira ntchito limamera utsiru wonanda m'mapaipi, ndipo utsiru umenewo suchoka pongosintha madzi. Pamafunika kuthira mankhwala ake, kuzunguliza ndi pampu, kukhuthula ndi kutsukuluza. Umu ndi momwe mumabisala tizilombo, kuphatikizapo Legionella, yemwe amaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45 ndipo munthu akapuma nthunzi yake angathe kudwala chibayo choopsa. Alendo anga ena ndi okalamba.

Ndifike pa chomwe chandisowetsa tulo. Hita itasiya kutenthetsa, mnyamata wa pa ofesi yanu anandiuza pa foni, asanaone n'komwe, kuti yapsa chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi ndipo imeneyo si nkhani yanu. Ndinaitana mmisiri wina wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso. Iye anapeza kuti m'mapaipi munatsekeredwa mpweya, pampu inkangolira madzi osayenda mokwanira, ndipo hita ya 3 kW inkatentha yopanda madzi okwanira oiziziritsa mpaka inapsa. Kutulutsa mpweyawo ndi ntchito ya mphindi zochepa pomwe ukudzaza bafa. Kenako anatsegula bokosi la magetsi, anakhala chete kwa kanthawi, n'kundifunsa kuti ndi anthu angati amene asambamo. Bafa lonse analilumikiza pa buleka wamba. Palibe chida chija cha earth leakage cha 30 mA, chomwe chimadula magetsi nthawi yomweyo akayamba kulowerera m'madzi kapena m'thupi la munthu. Waya wa earth anangomusiya lende m'bokosimo osamumangirira paliponse. Bwana, magetsi a 230 V, madzi, pampu yodontha, ndi ana a eni ake akusewera mmenemo. Adzukulu anga awiri anasambamo pa holide. Ndikaganiza zimenezi miyendo imandizizira. Tsiku lomwelo ndinathimitsa zonse n'kukhuthula madzi, ndipo bafa lakhala louma nyengo yozizira ino, yomwe ndi nthawi imene ndinaligulira.

Pempho langa ndi ili. Pasanathe masiku 14 chilandirireni kalata ino, bwerani nokha ndi mmisiri wodziwa ntchito, osati anyamata aja, mudzaone ndi maso anu. Vanishi yense apalidwe, matabwa owola ndi paini uja achotsedwe, aikidwe oyenera ndi masikulu osachita dzimbiri, apakidwe mafuta atauma. Musinthe sili, hita ndi fyuluta, mutsuke mapaipi ine ndikuona, ndipo magetsi alumikizidwe bwino n'kuyesedwa ndi mmisiri wanga uja. Zonsezi zichitike osandipemphanso ndi tambala yomwe. Ngati mukuona kuti simungathe, ndibwezereni ndalama zanga pamodzi ndi zomwe ndinalipira mmisiri wa zamagetsi, ndikafune thandizo kwina.

Masikuwo akatha muli chete, ndikatula nkhaniyi ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, pakuti lamulo loteteza ogula la 2003 lilipo. Sindikufuna kuti tifike kumeneko, ndinabwera kwa inu ndi mtima wokukhulupirirani. Ndaphatikiza zithunzi, kope la risiti ndi la mgwirizano wathu, komanso lipoti la mmisiri wa zamagetsi. Fyuluta yakale, zitini za vanishi ndi chidutswa cha thabwa lowola lija zili m'stoo, mudzazipeza. Ndimakhala pamalopo tsiku lililonse kupatula Lamulungu mmawa.

Ine kasitomala wanu,

Mwini malo ogona alendo,
Zomba