Kalata ya abusa: amisiri omanga, obwera ndi malipiro

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu ukhale nanu nonse, a m'tauni muno ndi a m'nthambi zathu za kumidzi.

Amisiri omanga a mumpingo mwathu akhala akubwera kwa akulu a mpingo ndi dandaulo limodzimodzi. Akuti nyumba zikumangidwa paliponse, ku Matawale, ku Chinamwali, ku Chikanda komwe mahositelo a ophunzira a payunivesite akuphuka ngati bowa, koma iwo akungokhala manja lende. Ukamutchulira mwininyumba mtengo, amati "ndikuimbirani." Mawa lake ukadutsa pomwepo upeza anyamata ochokera ku Mozambique, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, ayamba kale kukumba maziko, pa ndalama yongokwana ufa ndi matemba. Ena mwa inu mwafika ponena kuti obwerawa tiwathamangitse.

Dandaulo lanu ndi loona, ndipo sindikulipeputsa. Munthu amene walowa m'dziko mozemba sangatsutse mtengo. Akamubera, sangapite ku ofesi ya zantchito kapena kupolisi, chifukwa akafunsidwa mapepala ndiye amene agone m'chitokosi. Choncho amavomera chilichonse: kugona pa mapepala a simenti m'nyumba yopanda zitseko, kukwera pamwamba wopanda chomuteteza, kudikira malipiro mpaka nyumba itafoleredwa. Mmodzi akavomera zotere, mtengo wa onse umagwa. Amene anaphunzira zomangamanga ku Nasawa n'kutenga satifiketi amayamba kupikisana ndi munthu wamantha. Dakaboyi ndi amayi otunga madzi ndiye amapsinjika koposa, poti m'malo mwawo akhoza kulowa wina aliyense.

Koma tifunsane bwinobwino: amatsitsa mtengowo ndani? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti, malata ndi zitsulo zinakwera. Kusitolo ya zipangizo palibe amene amanenerera. Umalipira kapena umabwerera chimanjamanja. Ndiye womangitsa amayang'ana pofewa, ndipo pofewapo ndi pa thukuta la munthu. Boma linakweza malipiro ochepetsetsa kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, koma pa ganyu wa zomangamanga ndi angati anaiona ndalama imeneyo? Ndipo omangitsawo si achilendo ayi. Ena ndi ife amene timakhala pa mabenchi akutsogolo Lamulungu. Ndamvapo nkhani ya munthu amene ntchito itafika pa pulasitala anangouza anyamata ake kuti, "Mukavuta ndikuitanirani a Imigireshoni," ndipo anyamatawo anachoka usiku osalandira kanthu. Nyumbayo ili chiimire, mwina anaitanira m'busa kudzaipempherera.

Mneneri Yeremiya, pa mutu 22 ndime 13, akunena tsoka kwa womanga nyumba yake mosalungama, wogwiritsa mnzake ntchito osamulipira. Pa Deuteronomo 24:14-15 lamulo likuletsa kupondereza waganyu wosauka, kaya ndi m'bale wako kaya mlendo wokhala m'dziko lako, ndipo likuti umulipire dzuwa lisanalowe. Mlendo watchulidwa dala pamenepo, pakuti Mulungu amadziwa amene amaberedwa mosavuta.

Tisaiwalenso kuti ana athu omwe ndi obwera kwina. Ndi mabanja angati muno amene malata a nyumba yawo anagulidwa ndi ndalama za ku Joni? Ambiri mwa anyamata amenewa akusakaniza simenti ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, masiku 30 omwe anawadindira pachipata atatha kalekale. Zimene tikunenera anzathu a ku Mozambique ndi zomwe anthu a ku South Africa akunenera ana athu: akutilanda ntchito, akugwetsa malipiro. Tinaona mapeto a mawu amenewo mu 2008 ndi mu 2015, pamene mabasi anabwera ndi abale athu atanyamula kachikwama kamodzi. Ena amakhala miyezi ku Lindela, komwe boma la South Africa limasunga obwera opanda mapepala, kudikira kubwezedwa. Ndipo amene amathamangira njira zachidule akumbukire manda aja anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu October 2022, momwe munali anthu oganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia, paulendo womwewo wofuna ntchito kumwera.

Sindikunena kuti malire alibe ntchito. Boma lili ndi udindo wodziwa amene walowa m'dziko, ndipo mlendo wofuna kugwira ntchito kuno ayenera kukhala ndi chilolezo. Ife sitibisa munthu kapena kumupezera chitupa chabodza. Koma kugwira anthu ndi ntchito ya boma, si ya gulu la achinyamata lonyamula zibonga. Akuluakulu muno akukumbukira kuti pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino linasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri mwa ife Alomwe mizu yathu ili komweko.

Tsono akulu a mpingo agwirizana izi. Pa ntchito yomanga holo yathu, komiti ilembe mgwirizano ndi mmisiri aliyense, mtengo uoneke papepala, ndipo madakaboyi azilandira Loweruka lililonse m'manja mwawo, osati kudzera mwa folomani. Mkhristu amene akumangitsa achite chimodzimodzi. Ngati ndalama yachepa, imikani ntchito pa lintala mudikire, kusiyana n'kumaliza ndi thukuta lakuba. Amene akudziwa kuti ali ndi ngongole ya waganyu, ngakhale ya chaka chatha, aibweze tisanafike pa Mgonero wa Ambuye. Inu amisiri, kumanani, mugwirizane mitengo yanu, ndipo mnyamata wobwera mukamupeza pa ntchito muuzeni mtengo weniweni m'malo momuopseza. Musamangenso mwachinyengo pochepetsa simenti kuti mubwezere. Namondwe Freddy anationetsa zomwe khoma lofooka limachita.

Makolo amene mwana wanu akukonzeka ulendo wa ku Joni, bwerani naye ku ofesi ya mpingo tikambirane asanapereke ndalama kwa aliyense womulonjeza kumuolotsa. Msonkhano wa amisiri ndi omangitsa udzakhalako Lamulungu likudzali tikatuluka m'mapemphero achiwiri, ndipo amayi otunga madzi nawonso abwere.

Ndine mtumiki mnzanu mwa Khristu,
M'busa wanu
Zomba