Timasetilaiti topita ku mwezi si nkhani ya azungu okha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za timasetilaiti ting'onoting'ono tomwe akumatumiza kukazungulira mwezi, chifukwa kuno ku Dedza ukangoiyamba nkhaniyi anthu amakuseka, eti zimenezo nza anthu okhuta ife tikufuna feteleza basi. Feteleza tikumufunadi, koma tamvani kaye.

Mu June 2022 a NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, anatumiza kena kotchedwa CAPSTONE, kulemera kwake makilogalamu 25 okha, theka la thumba la feteleza lomwelo. Kananyamukira ku New Zealand pa roketi ya kampani ya Rocket Lab nkukafika ku mwezi mu November, miyezi yoposa inayi panjira chifukwa anakadzeretsa njira yaitali yosadya mafuta ambiri, ndipo pena kanasiya kuyankha, pena kanayamba kungozungulira kosalamulirika koma mainjiniya ali pansi pano anakakhazika bwinobwino. November yemweyo roketi ya NASA ya ulendo wa Artemis I inanyamulanso tina 10. Tingapo tinakanika ndithu, ka ku Japan kotchedwa OMOTENASHI kankafuna kutera pamwezi koma sikanathe, ka LunaH-Map injini yake inakana kuyaka.

Chomwe chinandigwira mtima ine ndi eni ake a timakinati. LunaH-Map inapangidwa ku Arizona State University, Lunar IceCube, kenanso mwa 10 tija, ku Morehead State University, mayunivesite a ku America amenewo, ophunzira akugwira nawo ntchito ndi manja awo. Tonse tiwiri tinkakasaka madzi oundana pamwezi, poti madziwo ukawagawa umapeza mpweya wopuma komanso mafuta a roketi. Ndipo kapangidwe ka timasetilaiti totereti, kotchedwa CubeSat, kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, anakayambitsa ndi aphunzitsi awiri ku California mu 1999 kuti ophunzira awo aziphunzirirapo.

Musati nzakutali. Kenya inatumiza kake ka University of Nairobi mu 2018, Zimbabwe ndi Uganda anatumiza tawo mu 2022 mainjiniya awo ataphunzira ku Kyushu ku Japan. Inde timeneto tinali tozungulira dziko lathuli osati mwezi, koma poyambira mpomwepo.

Nanga ife? Mwana wa Fomu 3 pa CDSS ina kwathu kuno amaphunzira za magetsi pongojambula pa bolodi, batire ndi babu za choko, sanagwirepo waya mkalasi ngakhale tsiku limodzi, mayeso a MSCE akangoloweza basi. Pomwe pa msika wa Lizulu pali anyamata okonza mafoni ndi masola, wina amaotcha kachitsulo pa mbaula nkulumikiza tiwaya tosaoneka bwino nkomwe foni nkuyaka mwiniwake ali chiimire, ena mwa iwo sukulu analekeza ku pulayimale. Luso lilipo abale, tikungolisiya lithere pa kabenchi.

Sindikuti boma lisiye kugula mankhwala mzipatala lizipanga maroketi ayi. Pempho langa kwa a unduna wa zamaphunziro ndi akuluakulu a ku MUST ndi MUBAS ndi lakuti akagogode komwe anagogoda anzathu a ku Zimbabwe, atumizeko achinyamata athu angapo. Ndipo ma CDSS awapatseko mabatire, mawaya ndi timamita toyezera magetsi teremu ikubwerayi, zimenezo sizofuna madola ambiri.

Kholo lokhudzidwa,
Bembeke, Dedza