Pogula zida za asilikali, masipeyala alembedwe mu kontirakiti

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndinenepo za kagulidwe ka zida za asilikali athu. Ine ndine makaniko wa injini za dizilo, ndipo chimandiwawa n'chakuti boma likamagula ndege, boti kapena galimoto yankhondo, phokoso lonse limakhala pa mtengo wogulira. Za amene adzakonze chidacho pakatha zaka 10, zii.

Akatswiri a BFU, bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege, atafufuza ngozi ya ndege ya Dornier 228 imene inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024, n'kupha a Saulos Chilima ndi anthu ena 8, anapeza kuti batire ya kachipangizo kothandiza opulumutsa kupeza ndege ikagwa inatha ntchito mu 2004. Zaka 20 osasinthidwa! Sindikuti batireyo ndi imene inagwetsa ndege, ayi. Koma tonse tikukumbukira asilikali akusakasaka m'nkhalango usiku wonse mpaka kuipeza mawa lake. Ndege ya m'ma 1980 ngati imeneyi imauluka bwinobwino, bola ndalama yoisamalira izipezeka chaka ndi chaka.

Pempho langa n'lakuti kontirakiti iliyonse ikhale ndi dongosolo lakelake la chisamaliro, osangokopera pepala limodzi pa chida chilichonse. Boti ya ku Monkey Bay imagona pakhomo, makaniko ali pompo. Imangofuna mafyuluta, mafuta oyenera ndi malo oikokera kumtunda. Galimoto yopita kukasungitsa mtendere ku DRC ndi nkhani ina. Ikathyoka sipuling'i m'matope a ku North Kivu singadikire katundu wochokera ku Lilongwe, choncho masipeyala ndi matayala azinyamuka nayo limodzi. Ndege ndiye yovutitsitsa, chifukwa zitsulo zake zina zimasinthidwa maola owuluka akakwana, ngakhale zikuoneka zabwino.

Wogulitsa alonjeze polemba kuti masipeyala adzapezeka kwa zaka zingati ndiponso pa mtengo wanji, aphunzitse amakaniko athu kuno konkuno, asiyenso mabuku ndi zida zokonzera. Masiku ano ndalama zakunja zikusowa. Kachitsulo kakang'ono kamene sitinakagule pa tsiku losaina kakhoza kuimitsa ndege miyezi ingapo, ndiye chimphepo chonga Freddy cha mu 2023 chikadzabweranso tidzadikiranso mahelikopita a ku Tanzania ndi Zambia.

Ndikudziwa kuti za chitetezo zili ndi chinsinsi chake. Komabe aphungu a komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo angathe kufunsa kuseri kuti ndalama yosamalira chida chilichonse yalembedwa pati mu bajeti. Asavomereze kugula asanaione.

Makaniko wodandaula,
Zomba