Lipoti la msonkhano wa kayezedwe ka chitukuko cha mizinda, kwa komiti yathu ya chitukuko kuno ku Bangula

A wapampando, mafumu athu ndi mamembala nonse, ndabwerako ku Blantyre kumene munandituma kumsonkhano wa masiku awiri wokambirana mmene mizinda ndi matauni amayezedwera pofuna kudziwa ngati chitukuko chake chili chokhazikika. Ndikuthokozeni chifukwa cha ndalama ya ulendo imene munasonkha.

Tsiku loyamba otsogolera zokambirana anatikumbutsa kuti m'chaka cha 2015 maiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana zolinga 17 zoti zikwaniritsidwe pofika 2030, ndipo cholinga cha nambala 11 n'chokhudza mizinda. Cholingachi chili ndi zizindikiro zake, kutanthauza manambala amene mzinda uliwonse umawerenga mofanana ndi unzake: anthu okhala m'nyumba zosayenera ndi angati, zinyalala zimene zimatoledwa n'kutayidwa pamalo oyenera n'zochuluka bwanji, ndi angati amene amapeza basi kapena minibasi asanayende mtunda wopitirira mamita 500, komanso omwalira, osowa ndi okhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi angati mwa anthu 100,000 alionse. Amawerengera pa 100,000 pofuna kuti tauni yaing'ono ngati yathu ithe kuyerekezedwa ndi mzinda waukulu ngati Lilongwe. Anatchulanso muyezo wina wa padziko lonse woyezera mizinda, wotchedwa ISO 37120, umene unatuluka mu 2014, koma umenewo umafuna mzinda wosunga kale mabuku ake bwino, ndiye sindichedwapo.

Nkhaniyi ikutikhudza ife kuposa mmene ndinkaganizira ponyamuka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 16 okha mwa 100 alionse ndiwo amakhala m'matauni, ndipo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akufuna kukuza mizinda ina kuwonjezera pa Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Pa malo asanu ndi atatu amene anasankhidwa, monga Karonga, Liwonde, Kasungu ndi Luchenza, Bangula ali pomwepo. Tsono amene adzabwere kudzakonza mapulani a mzindawo adzabwera ndi zizindikiro zomwezi m'manja, ndipo chimene sichinalembedwe m'manambala awo sichidzaikiridwa ndalama.

Apa m'pamene mtima wanga sunakhazikike, ndipo tsiku lachiwiri ndinaimirira kuyankhula. Pa kawerengedwe ka madzi, banja limatengedwa kuti lili ndi madzi ngati likutunga pamalo otetezedwa monga mjigo, ndipo ulendo wopita, kudikira pamzere ndi kubwerera sukupitirira mphindi 30. Ndinawauza kuti kuno kuchigwa mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere, oti nyemba sizipsa nawo msanga ndipo sopo sachita thovu, moti amayi amaudutsa mjigo uli pakhomo n'kupita kukatunga ku Shire kumene kuli ng'ona, kapena kukafukula mchenga m'mitsinje youma. Mjigo wotere m'buku umaoneka ngati chitukuko chofikapo, chonsecho palibe amene akumwa madzi ake. Anzathu ochokera ku Nchalo ndi ku Ngabu anavomereza kuti kwawonso zili chimodzimodzi.

Za mayendedwe nazonso ndinanena. Munthu wokhala m'mbali mwa msewu wa M1 amawerengedwa kuti ali pafupi ndi basi, koma chizindikirocho sichifunsa kuti pachaka msewuwo umakhala woduka masiku angati. Tonse tikukumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022 amene anadula M1 m'malo angapo ku Chikwawa n'kuwononganso malo opangira magetsi ku Kapichira, ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Njira ya ku Chiromo inakokoloka mu 1997, ndipo kuchokera pamenepo abale athu a ku Makhanga akhala akudalira mabwato kuti afike kuno. Mzinda umene odwala ake sangafike kuchipatala cha boma ku Nsanje nthawi ya dzinja sungatchedwe wokhazikika, ngakhale manambala ake ena atakoma chotani. Sindikunyoza zizindikiro za maiko onse, pakuti popanda izo aliyense akanamangoyamikira kwawo, koma pazokha sizikwanira kufotokoza moyo wa m'chigwa muno.

Otsogolera anayankha kuti dera lili ndi ufulu wowonjezera zizindikiro zake pamwamba pa zija, malinga kawerengedwe kake kakhale kamodzimodzi chaka ndi chaka. Analangizanso kuti tauni iziyerekezedwa poyamba ndi mmene inalili chaka chatha, kenaka ndi matauni ofanana nayo. Kwa ife ndiye kuti tiziyang'ana Nchalo, Ngabu ndi Nsanje, amene akulimbana ndi kutentha ndi madzi osefukira ngati ife, tisanayambe kudziyerekeza ndi Blantyre amene ali pamtunda.

Pempho langa kwa komiti ndi ili. Tigule buku limodzi lolimba ndipo tisankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, oti azilisunga. M'bukumo tizilemba mijigo yonse ya m'dera lathu, kusiyanitsa ya madzi abwino, ya madzi amchere ndi yakufa. Tizilembamonso masiku amene msewu waduka. Ndiponso masiku amene ana sanaphunzire chifukwa sukulu yawo yasanduka msasa wa anthu othawa madzi. Zimbudzi za pamsika ndi katoledwe ka zinyalala tingaziwonjezere tikazolowera ntchitoyi. Ndikupempha mafumu athu kuti atilole kuyamba kuwerenga mijigo mudzi ndi mudzi mvula isanagwe, pamene njira zonse zikupitika, kuti manambala oyamba tidzawapereke ku khonsolo pamsonkhano wathu wotsatira.