Kachisi womangidwanso pa zaka 20 zilizonse

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mmene zipembedzo zimaonera kusakhalitsa kwa zinthu. Ku Japan, anthu a chipembedzo cha Shinto amamanga kachisi watsopano wa Ise pa zaka 20 zilizonse n'kuphwasula wakale, monga anachitira mu 2013, ndipo chimene chimapitirira ndi luso la amisiri, pamene matabwa akale amagawidwa ku akachisi ena. Amonke achibuda a ku Tibet amatha masiku ambiri akupanga chithunzi ndi mchenga wamitundumitundu, kenako amachisesa n'kukathira mchengawo mumtsinje. Ife Akatolika timapakidwa phulusa pamphumi Lachitatu la Phulusa, koma ndikukayika ngati mawu akuti ndife fumbi timawakumbukirabe tikangotuluka m'tchalitchi.

Ine wowerenga wanu,
Zomba